Mwala wa a Madzi

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Epulo, chaka cha 2020, nthawi ya seveni koloko m'mawa, pamene ndinagogoda pakhomo la nyumba ina yakale kuseri kwa doko la Fremantle. Ndinali nditavala masiki, magolovesi ndi kabaji kolembedwa dzina langa. Ana inu, khalani pansi bwinobwino. Tadala, foniyo uivundikire patebulo. Ukhoza kundiyankha m'Chingerezi chako chotulukira m'mphunocho, koma nkhaniyi ndiinena m'Chichewa, ndipo ndikudziwa kuti mukumva.

Nthawi imeneyo Tadala unali utangoyamba sukulu, Mphatso ukukwawa. Agogo anu aakazi anali kale nesi pachipatala chachikulu cha ku Nedlands. Ine ndinabwera kuno kuwatsatira, nditasiya ukalaliki wa m'nyumba yosungira katundu ku Kanengo umene ndinaugwira zaka zambiri. Kuno ukalaliki wangawo palibe anaufuna. Ndinkatsuka mbale m'khitchini ya hotela ina m'tauni, ndipo mliri utafika hotelayo inatsekedwa. Mwayi wake ndinali nditachitako maphunziro osamalira okalamba, agogo anu atandikakamiza. Kampani ina yotumiza anthu osamalira odwala m'makomo inandilemba, n'kundipatsa munthu wanga woyamba.

Papepala panalembedwa dzina lakuti Mads, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wokhala yekha, wodwala matenda aja onjenjemeretsa manja. Chitseko chinatsegulidwa patapita nthawi. Anali mzungu wamtali wowerama, wa ndevu zoyera, ndi manja aakulu ngati mafosholo amene sankakhazikika.

"Ndinu a Madzi?" ndinafunsa, poti ndi mmene diso langa linawerengera.

"Amati Mas," anatero. "Koma lakolo likumveka bwino. Lili ndi tanthauzo?"

"Kwathu ndi madzi, akumwa kapena a m'nyanja."

"Ndakhala pamadzi zaka zambiri. Lisiye choncho. Iwe ndiwe ndani?"

"Lameki."

"Lowa, Lameki. Ngati wabwera kudzandisambitsa, dziwa kuti ndimaluma."

Sanalume. Ankafuna ndiziwaitana dzina lokha monga achitira anthu akuno, koma pakamwa panga panakana. Munthu wa msinkhu wa bambo anga sindikanamutchula ngati mnzanga wosewera naye mpira. Ndinaika "a" patsogolo, iwo n'kumaganiza kuti ndi mbali ya dzinalo.

Ulendo wochokera ku Mirrabooka unali wa basi mpaka m'tauni, kenaka sitima. Masabata oyamba aja m'bogi lonse tinkakhala anthu atatu kapena anayi, aliyense pakona yake, wina akatsokomola tonse n'kuyang'ana pawindo. Ndinkakumbuka basi imene inkanditengera kusekondale: anthu, matumba a mbatata, nkhuku zomanga miyendo, mwana wa munthu wosamudziwa atakugonera pamiyendo, kondakitala akuumirira kuti kumbuyo kulibe anthu. Pofika unkakhala utadziwa maliro ndi maukwati a boma lonse. Kuno ndinkafika ndisanamve liwu la munthu, kupatula la makina lija limatchula masiteshoni.

Kuseri kwa nyumba ya a Madzi kunali zitsulo zoimirira m'udzu, zina zotalika kuposa ine, zopindika, zowotchereredwa, zofiira ndi dzimbiri. Pakati pake panali miyala yoyera yobooka. Tsiku lachiwiri ndinafunsa ngati ankagula zitsulo zakutha.

"Ena ananenapo zoipa kuposa zimenezo," anatero, "ndipo iwowo ankalipidwa ndi nyuzipepala kuti anene."

Ndi pamene ndinadziwa kuti ndi ntchito ya manja awo. Kwathu wosema zinthu zongoyang'ana timati amasema ziboliboli, zija mumaziona m'mbali mwa msewu tikapita kutchuthi: njovu, mvuu, mayi wosenza mtsuko. Za a Madzi sizinali njovu, sizinali mayi. Ukaziyang'ana mbali iyi zinkaoneka ngati zikugwa, ukazungulira n'kumaoneka ngati zikudzuka. Ndikafunsa kuti ichi n'chiyani, ankayankha kuti, "Chitsulo." Ndikaloza china, "Mwala." Ankati chinthu ukangochipatsa dzina anthu amasiya kuchiyang'ana.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono pa chakudya cha m'mawa. Ankadya buledi wakuda wolimba ngati njerwa, pamwamba pake nsomba yosaphika yoviikidwa mu viniga. Anandilawitsa kamodzi. Ndinameza mwaulemu, n'kukumbukira chikondamoyo cha amayi anga, chija ankaphika mumphika, makala pansi makala pamwamba, chimene tinkanyamula popita kusukulu chitakulungidwa m'tsamba la nthochi. Inu simuchidziwa. Inu mumadziwa zija za m'katoni zimene mumathira mkaka n'kumati mwadya.

Anabadwira m'kamudzi ka asodzi ku Denmark, dziko limene nthawi yozizira dzuwa limalowa ana akungoweruka kusukulu. Sukulu anaisiyira panjira n'kukwera sitima zapamadzi zonyamula katundu. Ankagwira pansi, kuchipinda cha injini, ndipo kumeneko anadziwa kuwotcherera poonerera ena. Paulendo wautali, anzawo akamatchova juga, iwo ankatola zidutswa za mapaipi ndi maunyolo oduka n'kumazilumikiza. Anzawo ankaziponya m'nyanja powaseka.

"Ntchito zanga zoyamba zasungika bwino kwambiri," ankatero, "kungoti ozionerera ake ndi nsomba."

Kusukulu ya zaluso sanapondeko. Mwala anauphunzira posesa pabwalo la munthu wosema ziliza. Ankasesa mochedwa dala kuti aone mmene mwiniwake akugwirira tchizulo. Nditawafunsa kuti mphunzitsi wawo weniweni anali ndani, anandionetsa zala: zipsera za moto, ndi chala chimodzi chopanda chikhadabo. Sitima ina inawatsitsa pa Fremantle kuti adikire inzake. Podikirapo anakumana ndi mtsikana wogulitsa m'sitolo ya zingwe, ndipo sitima inzakeyo inapita popanda iwo. Masana ankawotcherera zipata za m'mafamu, madzulo n'kumapanga zawozawo. Anthu anayamba kugula iwo atamera kale imvi. Pamene ine ndinkawadziwa, mkazi wawo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anali pabanja ku Denmark komweko.

Ndikamawamva ndinkaona bambo anga, agogo anu aakulu a ku Dedza. Iwo ankasema mitondo, mipini ndi zipande. Mtondo, Mphatso, ndi makina aja amayi ako amagayira zipatso, kungoti magetsi ake anali mikono ya azakhali anga. Chida cha bambo chinali sompho, kankhwangwa kopingasa kamene munthu amasemera chokokera kwa iye mwini, ndipo ankakanola pamwala wa kumtsinje mpaka kumameta cheya cha pamkono. Tsiku la msika ankamanga mitondo iwiri panjinga, tonse n'kumakankhizana pazitunda, ulendo wonyamuka nkhuku zisanatsike. Koma sompho sanandilole kugwira. Ankati manja a mwana wa sukulu ndi a cholembera.

M'shedi ya a Madzi ndinalowa kamodzi kukatenga tsache. Pakhoma panali matchizulo, mahamala ndi matupa, chilichonse pamalo pake, zonse zafumbi. Pakati panali chinthu chovundikiridwa ndi lona. Ndinatukula pang'ono. Unali mwala woyera wofewa uja anamangira nyumba zakale za ku Fremantle, wofika m'chiuno mwanga, mbali imodzi yosemedwa bwino, inayo ikadali monga anaukumbira.

"Vundikira," anatero a Madzi ali pakhomo. "Umenewo manja anandithawa ndili nawo pakati."

Sitinaunenenso.

Mvula ya mwezi wa Julaye itafika, a Madzi anagwa kubafa. Ndinali nditawakhazika pampando wosambira, nditawapukuta, n'kupita kuchipinda kukatenga malaya. Pangano lathu linali lakuti azidikira ndiwadzutse. Tsiku limenelo anadzuka okha. Fupa silinathyoke, koma anagona m'chipatala masiku angapo. Mwana wawo ankaimba foni akulira, chifukwa malire anali otseka ndipo sakanatha kubwera. Iye ndi dokotala anagwirizana kuti dzina la bambo ake lilowe pamzere wa nyumba yosungirako okalamba, chipinda chikangopezeka asamuke, nyumba yawo igulitsidwe. A Madzi sanatsutse.

Atabwerera kunyumba ndinawafunsa kuti, "Bwanji simunandidikire?"

"Mkono wako," anatero.

"Mkono wanga watani?"

"Usandipusitse, Lameki. Ndakalamba, koma maso ndiwo ntchito yanga. Ukamandipatsa kapu, dzanja lamanzere limagwirizira lamanja apa, pamfundo. Mapiritsi chimodzimodzi. Supuni chimodzimodzi. Chibwerere. Mkono umenewo ndi wovulala, ndipo ukubisa kuopa kuti kampani ingakuchotse ntchito. Ine sindinauze munthu. Ndinangoti ndizidzinyamula ndekha, ndingakumalize."

Ndinakhala pansi. Ana inu, mukudziwa mmene agogo anu aakazi amakudzudzulirani mukalandira chinthu ndi dzanja limodzi, maso ali pakanema. Ife tinakulira zimenezo. Popereka chinthu kwa wamkulu, dzanja lamanja limapereka, lamanzere limagwirizira. Sitiganiza n'komwe, limapita lokha. Sindinadziwe kuti munthu angaone ulemu n'kuuyesa kuvulala, mpaka kugwa nako kubafa.

Ndinawafotokozera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka mpaka chiuno chinawapweteka.

"Ndiye nyumba yanga yapita chifukwa cha ulemu wako."

"Pepani, a Madzi."

"Ayi, chifukwa cha nzeru zanga. Tabwereza. Ndipatse kapuyo."

Ndinawapatsa.

"Bwerezanso. Pang'onopang'ono."

Ankayang'ana ngati munthu wofuna kugula mbuzi. Kenaka anagwira kapu ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kugwirizira pamfundo monga ndinachitira ine. Manja onse awiri ankanjenjemera, tiyi n'kutayikira pathalauza.

"Anga onse ndi zidakwa," anatero. "Bweretsa lako. Gwira apa. Usanyamule, ungogwira."

Ndinaika chikhatho changa pansi pa mfundo ya dzanja lawo. Kunjenjemera kuja ndinakumva kukulowa mwa ine ngati injini ya chigayo, koma kapu inakhazikika. Anamwa tiyi yense osataya dontho. Anaika kapu pansi, n'kuyang'ana pawindo cha kushedi.

"Chipinda chimenecho chipezeka liti?"

"Akuti mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka."

"Katenge makiyi."

Kuchokera tsiku limenelo nkhani inali imodzi: mwala uja uthe chipinda chisanapezeke, ndipo uthe ndi dzanja la a Madzi. Ndinauza mayi wa kuofesi kwathu. Anati n'zabwino kuti wokalamba akhale ndi chochita, bola tizivala magalasi oteteza maso.

Kagwiridwe kathu kanali kotere. Ndikatha kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala, tinkadikira kaye mankhwalawo agwire, chifukwa pamakhala ola limodzi pamene manja amafatsako. Iwo ankakhala pampando wautali, ine n'kuima kumanzere kwawo. Tchizulo ankagwira okha, ine n'kugwirizira pamfundo kuti nsonga isachoke pamene aiika. Hamala inali ntchito yawo, ndipo zala zangazi zikuidziwa. Ikaphonya ankati, "Pepani," chifukwa mawu amenewo anali atawatola kwa ine, ndipo ankati akuwakonda chifukwa safuna kufotokoza zambiri. Tikafika posalaza ndi tupa ndinkasamukira kumanja. Ola likatha manja ankayambanso kuvina, ife n'kuvundikira lona.

Madzulo ndinkafika kunyumba nditayera mpaka nsidze. Nthawi imeneyo agogo anu anaika lamulo lakuti aliyense wochokera kuntchito avulire m'galaja n'kupita kubafa asanakhudze munthu.

"Bambo a Chisomo," anatero tsiku lina atanyamula malaya anga ndi zala ziwiri, "kodi mukusamalira munthu kapena mwapeza ganyu pachigayo?"

Nkhani inafika kwa a Tembo, mnzanga wa ku Lusaka uja amaimba besi kutchalitchi kwathu.

"Ba Lameki, namvela ati mwayamba kupanga mafano," anatero pafoni. "Imwe, ba mkulu wa mpingo?"

"Fano limafanana ndi chinachake, a Tembo. Bwerani mudzandiuze chimene uwu wafanana nacho, ndikadziulule kwa abusa."

Anabweradi malamulo oyendera atafewa. Anauzungulira, kuwerama, kusuzumira pamphako imene a Madzi anali ataboola pakati pake.

"Apa mulibe mulandu," anatero. "Olo Satana sangazibe kuti nichani."

Nditamasulira, a Madzi anati amenewo ndi mawu abwino kuposa onse amene munthu ananenapo za ntchito yawo.

Chaka chimenecho foni iliyonse yochokera kumudzi tinkaiyankha mtima uli m'mwamba. Makamaka Khirisimasi itapita, mauthenga a maliro ankabwera motsatana: mphunzitsi wanga wakale, msuweni wanga wa ku Area 25, anthu amene tinayenera kukawaperekeza. Tinkangoonera pafoni, kutumiza chipepeso, n'kupita kushifiti. Anzanga ena mutu unawaima. Ine ndinali ndi ola lija. M'shedi munalibe nkhani za mliri. Munali kulira kwa hamala, fumbi, ndi kamphepo ka kunyanja kolowera pachitseko. Boma litalamula kuti aliyense avale masiki, a Madzi anati, "Achedwa. Ife tinayamba kale." Mpaka lero ndimayamika Mulungu chifukwa cha ola limenelo, ndipo ndimayamikanso nkhalamba ija, ngakhale iyo ikanamva ikanati ndapenga.

Kugwira osakankha n'kovuta kuposa mmene mukuganizira. Patapita miyezi dzanja langa linayamba kudziwa kumene lawo likupita. Tsiku lina tikusalaza m'kati mwa mphako ija ndinamva kuti mphamvu zawathera, ndipo ndinathandizira pang'ono. Pang'ono kwambiri. Anaima pomwepo.

"Ameneyo ndani?"

"Ndani kuti?"

Anayendetsa chala pamalopo. "Apa padutsa munthu wina. Wadutsa bwino, koma si ine."

Masiku otsatira tinathera kufafaniza kamzere kamene ine sindinkakaona n'komwe. Ndinadandaula kuti tikutaya nthawi.

"Ukafuna kusema, kuseriku kuli miyala yambiri, katenge wako," anatero. "Sindikuphunzitsa, chifukwa ine sindinaphunzitsidwe. Koma pa uwu iwe ndiwe mpando. Mpando wabwino, komabe mpando."

Kwathu tikanati mphanda, ija timachirikizira nthochi ikalemedwa ndi mkoko. Mphanda sibala nthochi. Ndinawauza zimenezo, iwo n'kunena kuti anthu akwathu ndi aulemu ngakhale ponyoza.

Foni inabwera kumayambiriro kwa Epulo wa chaka chotsatira. Chipinda chapezeka, asamuke pakatha masabata awiri. A Madzi anamvetsera, n'kundibwezera foni.

"Chipinda sichipezeka chokha," anatero. "Wina watulukamo chogona."

Tinapita kushedi. Kumunsi kwa mwala, mbali ya kumbuyo, kunatsala malo aakulu ngati lichero amene tinali tisanawakhudze. Manja awo anali atafooka, ndipo ola lija linali litasanduka theka.

"A Madzi," ndinatero, "ndiloleni ndigumule pamwamba pokhapa ndekha, inu mudzangomaliza. Palibe adzadziwe."

"Ndidzadziwa ine."

"Nanga ukapanda kutha?"

"Ndiye udzakhala mwala wosatha wa Mads. Kuli bwino kuposa mwala wotha wopanda mwini."

Ndinapsa mtima. Ndinapempha kuofesi kuti andipatsenso shifiti ya madzulo, kuti tizipezerapo mwayi pa mankhwala achiwiri. Loweruka ndi Lamlungu ndinkapita mwa ine ndekha. Agogo anu sananene zambiri. Ankangondimangira mbatata yophika yokwanira anthu awiri, n'kuti, "Mukawauze adye. Ndisadzakulandireni nonse awiri kuwodi kwanga." A Madzi ankadya mbatatayo atathira mchere, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali.

Tadala, ndakuona wayamba kuluma chala, ndiye ndikuuziretu. A Madzi anakhala ndi moyo kufikira malire atatsegulidwa. Mwana wawo anabwera, ndipo a Madzi anatisiya iye ali pambali pa bedi lawo. Tsopano tibwerere ku tsiku losamuka.

Galimoto yodzawatenga inayenera kufika masana, ndipo sutikesi ndinali nditalongeza dzulo lake. M'mawa umenewo panatsala kachitunda kakang'ono ngati nkhonya. Hamala sanathenso kuinyamula, choncho tinatsala ndi tupa. Ndinawakhazika pakampando kakafupi, ine n'kugwada pambali pawo. Ankakoka kangapo n'kupuma, thukuta lawo likudonthera padzanja langa. Ine ndinkayang'ana kudenga kuti ndisaone pamene patsala, chifukwa ndikanaona, dzanja langa likanakankha.

Chakudya cha masana chinazizira patebulo. Kenaka ndinamva tupa kugwa pansi. A Madzi anayendetsa chikhatho kuchokera pamwamba pa mwala, kulowa mumphako, kutsika kumbuyo mpaka pansi.

"Watha?" ndinafunsa.

"Dzanja latha," anatero, n'kupuma kaye. "Mwala sutha uli m'shedi, Lameki. Umayenera kuima panja, dzuwa liuzungulire kuyambira m'mawa mpaka madzulo, uone kumene mthunzi ukugwera. Ndi pamene umadziwa ngati wanama kapena wanena zoona. Ina yonse ndinaiona. Uwu ayi."

"Ndiitane anthu tiutulutse."

"Nthawi ili kuti? Vundikira. Ogula nyumba adzaumangira mpanda."

Tikulankhula choncho galimoto inaliza hutala panja. Ndinawasasa fumbi m'ndevu, kuwaveka jekete, n'kukwera nawo.

Lamulo la nyumba ya okalamba ija nthawi imeneyo linali lakuti wobwera kumene akhale m'chipinda chake masabata awiri osalandira alendo. Nesi wovala pulasitiki thupi lonse anawalandira pakhomo n'kuwakhazika panjinga ya odwala. Ine ndinatsala panja. A Madzi sanacheuke. Pozungulira nyumbayo kufuna poimira basi ndinawaona pawindo la chipinda cha pansi, atakhala osavula jekete, manja akunjenjemera pamaondo. Kutsogolo kwa windolo kunali kapinga wopanda kanthu.

Ndinabwerera pakhomo n'kupempha kuonana ndi woyang'anira. Anali mayi wotopa, maso okha akuoneka pamwamba pa masiki. Ndinafotokoza mwachidule, poti ine si wa mawu ambiri. Anafunsa ngati mwalawo ungagwere munthu. Ndinati ndi wotambalala kumunsi. Anafunsa ngati ndi chithunzi cha munthu wamaliseche. Ndinati ayi. Anati ndiuike kutali ndi kanjira ka njinga za odwala, ndipo wina akadandaula ndidzauchotsa ndekha. Mwana wa a Madzi ndinamuimbira madzulo, kwawo kuli m'mawa. Anati nditenge mwalawo.

M'mawa mwake ndinadzuka kukungoyera. A Tembo anabwera ndi galimoto yawo ya bokosi kumbuyo, atatenga bambo anu amene ankangoyasamula, ndi mnzathu wina wa kukwaya. Mwala uja tinaukulunga m'mabulangete n'kuukwezera pamatabwa awiri.

"Sembe mudala uyu anali wojambula chabe papepala," anatero a Tembo akupumira m'mwamba.

Tinafika dzuwa likungosuzumira pamwamba pa madenga. Tinauimika pakapinga paja, kuchotsa mabulangete, ine n'kukagogoda pawindo. Katani inatseguka pang'onopang'ono. A Madzi anali panjinga yawo, asanapese. Anayang'ana mwala, osati ife. Sanamwetulire. Anakweza chala n'kuchizungulitsa cha kumanzere.

"Akuti chani?" anafunsa a Tembo.

"Akuti taulozetsa kolakwika."

Tinagwira tonse anayi n'kuutembenuza. Chala chinazunguliranso. Tinatembenuzanso. Chinabwerera kumanja pang'ono.

"Ba Lameki, uyu musana uli na bana," anatero a Tembo, komabe anagwira.

Titasunthanso pang'ono, kuwala kunadutsa pamphako paja n'kukagwa paudzu, ndipo chikhatho cha a Madzi chinatambasuka pagalasi. Tinachotsa manja.

Anzanga anapita kuntchito. Ine ndinatsala. Ndinakhala paudzu chapatali kuti ndisawatchinge, ndipo tonse awiri tinayamba kudikira kuti mthunzi usunthe.